Mgolo wa Gazolina pa Msewu wa ku Molumbo

Achimwene anga ankayendetsa lole ya Mpwitikizi wina amene anali ndi kantina, ndiye kuti sitolo, ku vila ya Milange, tauni ya kwathuko. Ntchito yawo inali yokagula chimanga, nyemba ndi makaka ku Majaua ndi ku Molumbo n'kumabweretsa ku vila. Masiku amenewo ukangotuluka m'vila, gazolina, amene ena amati petulo, sunkamuonanso kwina kulikonse, ndipo thanki ya loleyo, yomwe inali pansi chakumbali, inali ndi nthenda yakeyake: akaidzaza inkadontha pamsoko, ndiye ankangoithira theka. Atatopa n'kugona m'tchire, achimwene anapempha mgolo kwa bwana wawo, nauimika pamwamba kuseri kwa kabini, naumanga ndi malamba achitsulo. Kuchoka pansi pa mgolowo anatsitsa paipi ya mkuwa n'kulowa nayo m'kabini, pansi pa mpando, pomwe inakumana ndi paipi ya thanki yakale. Pamphambano pamenepo anaikapo kampopi. Ukakapotolera kumanzere injini inkamwa za m'thanki yapansi, ukakapotolera kumanja inkamwa za mumgolo.

Mgolo umenewu achimwene ankaunyadira zosaneneka. Ankaufotokoza kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe, ngakhale pamaliro. Ine nkhani ya kumanzere ndi kumanja ndinaimva mpaka makutu kuwawa, moti akangoiyamba ndinkanyamula ndowa kupita kumadzi, ngakhale mitsuko ili yodzaza.

Chaka chimenecho nkhondo inali itayamba kumveka chakumpoto, ndipo Apwitikizi ankatenga anyamata kupita nawo ku tropa, ndiko kuti ku usilikali. Dzina la mnyamata wanga, Mlomwe wa ku Molumbo amene ankathyola tiyi m'munsi mwa phiri la Tumbine, linatuluka nawo. Anamuuza kuti sabata yotsatira akaonekere ku vila ndi kathumba kake. Ukwati tinali titalembetsa kale, mayina athu atalengezedwa m'tchalitchi, koma padiri wathu anadwala n'kupita kuchipatala ku Kilimane, tsiku lobwera osadziwika. Amene anakondwa ndi matendawo anali amalume. Iwo anali ndi munthu wawo, kapitawo wa ku esiteti, bambo wofedwa mkazi, wa njinga yatsopano ndi mano otha ndi fodya. Anandiuza pamaso pa amayi kuti mnyamatayo akangopita asanandikwatire ndisamudikire, chifukwa msilikali alibe tsiku lobwerera, ndipo mwezi usanathe kapitawo adzakhala atamanga nyumba pakhomo pathu. Amayi anangoyang'ana pansi, poti mawu a mlongo wawo sankawabweza.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kwa akatekisita a kwawo kwa mnyamatayo. Ankati Loweruka padiri wina adzafika pa kachalichi ka m'mudzi mwawo, adzachita Misa ndi kumanga maukwati, koma dzuwa likangopendeka adzanyamuka kupita kumidzi ya kutsogolo, ndipo sadzabweranso mpaka mvula itatha. Mnyamata wanga anatsogola pa njinga yobwereka. Achimwene anakagwada kwa bwana wawo mpaka anapatsidwa lole, nathira theka m'thanki yapansi, mgolo n'kuudzaza thoo.

Loweruka m'mamawa loleyo simukanaizindikira. Amayi a m'mudzi anali ataimangirira masamba a nthochi ndi maluwa mbali zonse. Pamwamba panali madengu a ufa, nkhuku, mbuzi imodzi, mitsuko ya thobwa, ng'oma ziwiri, ndi anthu ochuluka kuposa amene tinawaitana. Amalume anakwera nawo, poti ndiwo anali ankhoswe, nkhope ili ngati akupita kukakhoma msonkho. Azakhali anga anasankha malo otsamira mgolo, nayala chitenje chawo pamenepo, dengu lawo la chinangwa chophika n'kuliika pambali. Azakhaliwa anali katswiri wotcheza kachasu, wodziwika mpaka tsidya la mtsinje wa Ruo, ndipo asupayi, apolisi a Apwitikizi, anawasakasaka zaka zambiri osapeza pomwe ankatchezera. Tisananyamuke n'komwe anali atayamba kale kudandaula kuti fungo la gazolina likuwalowa m'mutu.

Ine anandiika m'kabini, pakati pa achimwene ndi anamkungwi. Diresi loyera linali lobwereka kwa asisitere, ndipo anandichenjeza kuti ndikalibweze monga analiri. Anamkungwi anandikumbutsa mwambo: mkwatibwi salankhula, saseka, sayang'anayang'ana, maso amakhala pamiyendo pake mpaka atatuluka m'tchalitchi. Anthu amene amandidziwa angakuuzeni kuti kundiletsa kulankhula n'chimodzimodzi kundiletsa kupuma. Komabe ndinalonjeza, chifukwa mtima wanga unali ukuvina kale ndipo tsiku limenelo ndikanavomera chilichonse.

Theka loyamba la ulendo linali lokoma moti mpaka lero ndikalikumbukira ndimamwetulira ndekha. Pamwamba pa lole ankaimba, ng'oma zikugunda, mbuzi ikuthandizira. M'midzi yomwe tinkadutsa ana ankatithamangira, amayi akuimika misi m'mitondo kuti atiimbire nthungululu. Loleyo ikagwera m'dzenje tonse tinkadumpha limodzi, anamkungwi mutu n'kugunda denga, ine n'kuluma milomo kuti chiseko chisatuluke. Ndinkaganiza za nkhope ya kapitawo akadzamva, ndipo ndinkangofuna kutulutsa mutu pawindo ndikuwe.

Titadutsa kamlatho kena ka mitengo, injini inatsokomola. Achimwene anamwetulira ngati munthu amene wakhala akudikira nthawi yake. Anatiuza kuti thanki yapansi yatha, tsopano tione nzeru za munthu. Anawerama, napotolera kampopi kumanja, injini n'kubwerera mwakale. Anandiyang'ana kuti ndiwatame, koma ine mwambo unandipulumutsa.

Sitinapite patali. Injini inatsokomolanso, inanjenjemera, kenako zii pakati pa msewu.

Achimwene sanadandaule. Anakwera pamwamba, akupondaponda madengu, natsegula chivindikiro cha mgolo pakati pa phokoso la nyimbo, n'kuviikamo bango. Linatuluka lonyowa mpaka m'khosi. Anatseka, natsika, nati ndi kampweya chabe kamene kanatsala m'paipi. Apo n'kuti mayi wina atalengeza kale kuti loleyo yatengera mwambo wa akwatibwi, yaima dala kuti ifupidwe. Anthu anaseka, wina n'kuika mtedza pa boneti, wina kachidutswa ka nzimbe. Batire inali yofooka, ndiye achimwene anatenga manivela, chitsulo chopukusira injini kutsogolo, ndipo atangopukusa kamodzi inalira. Amayi aja anati mwaonatu, imafuna mtedza. Achimwene anati ndi kampweya kaja. Aliyense anakwera ali wokhutira ndi nzeru zake.

Kachiwiri inaima pachitunda. Ulendo uno achimwene anatsegula boneti, namasula kakapu kagalasi ka sefa, napezamo timchenga pang'ono. Anatizungulira nako tonse kutionetsa, monga achitira sing'anga akatulutsa kanthu m'thupi la wodwala. Anakatsuka, kenako anaika pakamwa paipi yopita kumgolo n'kuuzira ndi mphamvu zawo zonse mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, kuti ngati muli chotseka chibwerere. Analavula, nabwezeretsa zonse, napukusa, ndipo inalira. Pa boneti panali patawonjezeka dzira ndi nthochi ziwiri.

Kachitatu inakana zenizeni. Achimwene anamasula kabuleta, anapukuta mapulagi pa malaya awo a ukwati, anapukusa manivela mpaka manja kutupa. Amuna anatsika kukankha, amayi akuwaimbira nyimbo ya kumunda, koma loleyo inangoyenda mwa ulesi n'kuimanso. Dzuwa linali litakwera ndithu. Ine m'kabini thukuta linali likutsika m'msana, ndipo ndinkayang'ana mthunzi wa chitseko ukufupika pamchenga. Anamkungwi ataona ndikusowa mtendere anandinong'oneza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikanakhala ndi chilolezo cholankhula ndikanawafunsa ngati nkhonoyo inalinso ndi padiri woti achoka masana.

Amalume ndiye anali atatsitsimuka. Anakakhala pansi pa mtengo wa masuku, nayatsa kaliwo wawo, n'kuyamba kuuza aliyense wofuna kumva kuti kuthamanga sikufika, ndipo chinthu chikakana kawiri katatu ndiye kuti pali chimene chikunena. Mtima wanga unawira. Ndinayamba kukhulupirira kuti iwo ndiwo achita kanthu, kapena kapitawo uja wapita kwa sing'anga. Kenako anadzuka, nati mphwawo akungobisa, gazolina watha, ndipo chanzeru n'kutuma munthu kumudzi wapafupi tikapemphe malo. Pofuna kutsimikiza anakwera okha pamwamba, natsegula chivindikiro cha mgolo, nasuzumira. Anapeza gazolina ali tho. Anatseka mokhumudwa n'kutsika.

Achimwene, amene anali atangotsamira boneti, anapukusanso kamodzi mongotaya mtima, injini n'kulira.

Zimene zinachitika pamenepo sindidzaiwala. Amayi onse anathamangira amalume ndi nthungululu, akuti dzanja la ankhoswe ndi lodala, angokhudza basi lole yadzuka. Anawapekera nyimbo pomwepo, anawavinira, wina anawakoleka maluwa m'khosi. Munthu yekhayo amene ankafuna kuti tibwerere ndiye amene anatiyendetsa, ndipo anakwera akutamandidwa mpaka anasowa poyang'ana. Ine ndinabisa nkhope m'chophimba changa cha kumutu, mapewa akugwedezeka. Anamkungwi anaganiza kuti ndikulira, ndipo anandisisita kuti ndachita bwino.

Chiseko chinatha pamene inaimanso kachinayi. Dzuwa linali pamutu penipeni, likufuna kuyamba kupendeka. Nyimbo zinazilala, ndipo ngakhale mbuzi inakhala chete. Ndinachita mantha enieni. M'maganizo ndinaona mnyamata wanga ataima pakhomo pa kachalichi akuyang'ana msewu wopanda kanthu, ndinaona njinga ya kapitawo itatsamira nkhokwe ya amayi.

Achimwene anatsegula chitseko cha kabini, nagwada pamapazi anga, namasula paipi ya kumgolo pomwe inkalowera pakampopi. Paipi yochokera mumgolo wodzaza, woikidwa pamwamba, inayenera kulavula gazolina. Inangodontha kawiri n'kuuma. Anaiyang'ana nthawi yaitali, nandiyang'ana ine, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinaona achimwene alibe chofotokoza.

Pomwepo kumwamba kunamveka kuti gwaa, amayi n'kubalalika. Mbali ina ya mgolo inali itaphwanyikira m'kati yokha, popanda woigunda. Achimwene anaisiya paipi ija ili lende, nakwera msangamsanga. Ndinkamva zonse kudzera pa kawindo ka kumbuyo. Anafunsa ngati pali amene wakhudza mgolowo chinyamukire. Onse anakana. Wina anati mwina gazolina wathawa, watsala ndi fungo lokha. Apo ndi pamene azakhali analankhula, ndi mawu a munthu amene ntchito yake yanyozedwa.

"Kuthawa angathawire pati? Pothawira pake ndatseka ndekha ndi manja angawa."

"Mwatseka pati, azakhali?"

"Kapaipi kopindika kali kuseri kuno. Kamangotulutsa mphamvu chinyamukire kumudzi. Iwe mwana wa mlongo wanga, galimoto umaidziwa, koma mgolo suudziwa. Mgolo wa paipi sausiya ndi bowo. Ine ndikanamatero bwenzi ndikugulitsa madzi."

Anasuntha dengu lawo, nakweza chitenje, n'kuonetsa ntchito yawo monyadira. Kuseri kwa mgolo kunali kapaipi kakang'ono kopindikira pansi, kolowetsa mpweya kuti gazolina azitha kutsika. Azakhali anali atakanya chinangwa chophika, nakamata bwinobwino, nakulunga kansanza, n'kumanga ndi luzi la nthochi, ndendende mmene ankamatira potcheza kachasu kuti nthunzi isapulumuke. Anali atamata mwaluso moti ngakhale nyerere sikanalowa. Mgolowo unkalephera kupuma. Nthawi zonse wina akatsegula chivindikiro kapena kuuzira m'paipi unkapeza kampweya, n'kutiyendetsa pang'ono mpaka kampweyako kathe. Pa zonse zimene achimwene anatifotokozera m'maliro ndi m'maukwati, kapaipi kameneka sanakatchulepo n'kamodzi komwe.

Achimwene anadula luzi, natenga kawaya n'kutokosa chinangwacho. Mgolo unakoka mpweya ndi mluzu wautali, mbali yophwanyika ija n'kubwerera ndi phokoso. Chimene anaiwala n'chakuti paipi ya m'kabini anaisiya yomasula, ikuloza mapazi anga.

Gazolina anatuluka ngati madzi a pampopi. Ananyowetsa nsapato, masokosi, ndi mpendero wonse wa diresi la asisitere. Anamkungwi, amene m'mawa wonse ankandiphunzitsa kudekha, anatuluka pachitseko ndi liwiro la mtsikana. Ine ndinawerama, ndinagwira paipiyo n'kuitseka ndi chala chachikulu, ndipo mwambo unathera pomwepo.

"Achimwene, tsikani kuno msanga! Mukufuna ndikakwatiwe kapena ndipse?"

Atamva mawu a mkwatibwi anthu onse anafa nacho chiseko, ine ndemwe ndikuseka, misozi ikutsika, chala chili papaipi. Achimwene anabwera akuseka nawonso, nabwezeretsa paipiyo pakampopi. Azakhali okha ndiwo sanaseke. Ankauza oyandikana nawo kuti chinthu chimene chimafuna bowo kuti chigwire ntchito ndiye kuti anachipanga molakwika.

Kuchoka pamenepo loleyo inathamanga ngati ikupepesa. Anamkungwi anayesa kundibwezera pamwambo koma zinakanika. Ndinali nditatulutsa mutu pawindo kuti ndipume, chophimba chikuuluka, ndikuimba nawo nyimbo za anthu a pamwamba, ndikukalipira achimwene pa dzenje lililonse limene ankachepetsa liwiro. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo pansi pa kuimba konseko ndinkadziwa kuti mwina tikuthamangira kachalichi kotseka.

Titakhota pa mitengo ya mango ya m'mudzi mwawo, chinthu choyamba chimene ndinaona chinali njinga yamoto ya padiri, katundu atamangidwa kale kumbuyo. Chachiwiri chinali mzere wa anthu pambali pa kachalichi, pomwe padiriyo, mzungu wa ndevu zotuwa, anakhala pampando pansi pa mtengo akumvetsera olapa. Tinamva pambuyo pake mmene zinayendera. Maukwati ena atatha, padiri atavula zovala za Misa, mnyamata wanga anapita kukagwada kuti akufuna kulapa asanapite kunkhondo. Analapa pang'onopang'ono, kuyambira mbuzi ya eni imene anaigenda ali mwana. Atatha anabwera amake, kenako alongo ake, kenako amalume ake, kenako mudzi wonse. Agogo ena ogontha analowa pamzere kawiri, akuti poyamba anaiwala zina. Padiri sangasiye munthu atagwada. Atationa tikutsika anadalitsa amene anali patsogolo pake, naimirira, nanena m'Chinyanja chake chopindika kuti sanaonepo mudzi wochimwa chotere, ndipo akuyamika Mulungu kuti lole yafika anthu asanayambe kupeka.

Titalowa m'kachalichi ananunkhiza kamodzi, nayang'ana mpendero wa diresi langa, n'kulamula kuti makandulo onse azimitsidwe, ndiponso kuti bambo wa kaliwo uja akaime panja kutali mpaka fodya wake azime. Zitseko anazisiya zotsegula. Mnyamata wanga anaima pambali panga maso akutuluka misozi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chinali chikondi kapena gazolina. Pamene padiri anandifunsa ngati ndikumulola, ndinayankha mokweza kwambiri moti a panja anamva, anamkungwi n'kugwira kumutu. Amalume anadinda chala chawo m'buku pomwe ankhoswe amadinda, maluwa aja akadali m'khosi. Tinavina mpaka miyendo kukana, ndipo kunapezeka kuti pansi pa chinangwa chija azakhali anali atabisa botolo.

Masiku amene tinakhala limodzi anali ochepa, osakwana n'kukangana komwe. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza ku vila. Anyamata anali atawasonkhanitsa pabwalo, malole a tropa ali chire, ndipo asupayi anali atamanga chingwe kuti anthu asayandikire. Ankalola makolo ndi akazi a m'nyumba okha kulowa kukapereka kamba. Atsikana ambiri a msinkhu wanga anaima kuseri kwa chingwecho ndi timitolo tawo, akuitana mayina amene sankamveka m'phokosomo. Ena ndinkawadziwa, tinkapita limodzi kumadzi.

Ndinafika pachingwe ndi mtolo wanga wa mtedza wokazinga ndi nkhuku yootcha. Msupayi ananditchinga ndi ndodo, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nafunsa kuti ndine ndani wake.

"Ndine mkazi wake."

Kanali koyamba kunena mawu amenewo kwa munthu wachilendo, ndipo ananditsekemera moti ndinaseka. Msupayi anakweza chingwe, ndinawerama n'kulowa. Ndinamupeza mwamuna wanga atametedwa kale mpala, ndinamupatsa mtolo, ndinamukonza kolala, ndinamuuza kuti asamagone ndi masokosi onyowa. Ndinagwira dzanja lake mpaka anamukweza, ndipo ndinayenda nayo loleyo ndikuligwirabe mpaka pomwe miyendo yanga inalephera.